Zinyalala Zitatha kwa a Musataye

Dzina lawo lenileni lilipo, lili pa chitupa cha ntchito, koma ngakhale akauntanti amene amawalipira mwezi ndi mwezi amayamba akanda kumutu kuti alikumbuke. Pa ofesi ya inshuwalansi ija ili pamwamba pa sitolo ya matayala, aliyense amangoti a Musataye. Ndi mesenjala, ndipo umesenjalawo anauyamba kale, makalata akutayipidwabe pa makina aphokoso aja oliza kabelu mzere ukatha. Dzinali anadziputira okha. Munthu ukangokwinya pepala, kapena kupendeketsa botolo kuti uone ngati madzi atha, umangomva mawu a pansipansi kumbuyo kwako: "Musataye. Pali mwini wake."

Achemwali awo enieni, amene sasunga chinsinsi ngakhale chawo chomwe, amati matendawa ndi akumtundu. Bambo awo anali osoka nsapato, ndipo anamwalira atasiya zitini zodzaza ndi timisomali topindika, chitini chilichonse chili ndi tsogolo lake limene ankalidziwa okha. Mwana anatengera. Mkazi wawo ali moyo ankalimbana nazo: a Musataye akalowetsa chinthu pa khomo lakumaso, mayi ankachitulutsira lakuseri. Mayiwo atatsogola, nyumba inasowa woiteteza. Ana anakula n'kubalalika, wamwamuna kukayendetsa malole, wamkazi kubanja, ndipo m'zipinda ziwiri za kuseri kwa garaja munatsala a Musataye, wailesi, ndi mipando imene mpaka lero ikudikirabe miyendo.

Kwa zaka zambiri "mwini wake" uja anali aliyense, kapena palibe. Kenaka mwini wake anapezeka, ndipo anali ndi nkhope, kampata pakati pa mano, ndi bondo lovuta.

Anali mayi ogulitsa mafuta ophikira oyeza, pa benchi pafupi ndi depoti ya mabasi. Nawonso anali amasiye. Tsiku lina anaima pa geti lakuseri kwa ofesi kufunsa ngati kuli timabotolo totha ntchito tothiramo mafuta, ndi mapepala okulungira mchere ndi sopo wodula. Anakumana ndi a Musataye. Kunali ngati waludzu wagogoda pa chitsime. Kuyambira pamenepo mayi amafuta ankabwera Lachisanu lililonse masana, ndipo sabata ya a Musataye inayamba kuyenda chopendekera ku Lachisanu.

Mabotolowo sankangowaunjika m'thumba ayi. Ankawaviika, kuwamatula zikalata, kuwatsuka ndi sopo, kuwayanika pa zenera la kukhitchini, kenaka botolo lililonse kulisakira chitsekerero chake. Mapepala ankawasanja potengera kukula kwake n'kuwamanga m'mitolo. Akatero ankathira tiyi m'makapu awiri n'kutsika nawo masitepe akuseri. Kapu yokhala ndi chogwirira inali ya mlendo.

"Odi kuno kwa abwana!"

"Fikani mayi. Bondo lija?"

"Likadali langa, palibe walipempha. Inu msana?"

"Ukufunsa za penshoni."

Ankakhala pa sitepe yapansi, thumba lili pakati pawo ngati ankhoswe, n'kumakamba za mvula, za ana amasiku ano amene amaimba foni pokhapokha zikavuta, ndi za kwaya ya kutchalitchi kwa mayiwo imene inali ndi woimba besi mmodzi yekha, iyenso wogontha. Mayi amafuta akaseka, anyamata a matayala pansipo ankasiya kupopa.

Ofesi yonse inkadziwa. Woyamba kudziwa anali mayi apafoni, olandira alendo, amene zenera lawo limayang'ana masitepe omwewo ndipo khosi lawo linazolowera kutembenukira kumeneko.

"Achimwene, mabotolo aja mumatsuka ngati mbale zodyera apongozi. Kodi mudzalankhula liti?"

"Kulankhula chiyani, achemwali?"

"Musandiyese mwana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Ndikudikira nthawi yabwino."

"Nthawi yabwinoyo ikubwera pa basi iti, tikaichingamire?"

Mawu anali nawo, si kuti analibe. Ankawayeserera pa njinga popita kukasiya makalata, mpaka tsiku lina anafunsira maloboti mokweza, wapolisi n'kuwayang'ana kawiri. Koma Lachisanu likafika, mawuwo ankakwera bwinobwino mpaka pakhosi, n'kutuluka atasanduka ena: "Zitsekerero zilimo zonse, mayi." Ndipo mayi amafuta ankayankha kuti, "Zikomo bambo, Mulungu akusungeni," n'kusenza thumba lawo. Zaka zinapita chonchi, palibe wodandaula, chifukwa Lachisanu lina linkabwerabe.

Ndiye kunabwera abwana atsopano, mtsikana wamsinkhu wa mwana wamkazi wa a Musataye, woyenda ndi botolo lake lachitsulo komanso wozimitsa magetsi m'zipinda zopanda anthu. Sabata yake yoyamba anazungulira kuseri n'kupeza mgolo umene ankawotcheramo zotsala zonse, utsi wa pulasitiki ukulowa m'sitolo ya matayala n'kutulukira kumsewu. Anatsokomola mpaka misozi. Mawa lake anaitanitsa msonkhano.

Zimene ananena zinali zomveka, ngakhale amene amagona pa misonkhano anavomereza. Mgolo uja uchoke. Pabwere mabini atatu: ya mapepala, ya pulasitiki, ya zoola. Pepala lizilembedwa mbali zonse. Madzi a m'timabotolo asiyidwe, pakhale chigubu chimodzi chachikulu, aliyense azimwera kapu yake. Zotsala zosanjidwa bwino azidzatenga a kampani ina pa lole, kukazisungunula n'kupanga zinthu zina. Chimene chinatsala ndi munthu woyang'anira.

Aliyense anayamba kuwerenga mizere ya m'manja mwake. Mayi apafoni, mongofuna kuseketsa anthu, anati, "Wapampando tili naye kale, uyo waima pa chitsekoyo ndi thireyi."

Anthu anaseka. Abwana sanaseke. Anatembenuka n'kunena kuti, "Bambo, ndamva kuti ntchito imeneyi inu munaiyamba ife tisanabadwe. Mungatitsogolere?"

A Musataye anatsala pang'ono kugwetsa thireyi. Moyo wawo wonse khalidwe lawoli linkatchedwa matenda, umbombo, ukhwangwala. Lero munthu wamadigiri analitchula kuti ntchito. Anawapatsa jekete lobiriwira, ndi kiyi wa khola la mawaya limene anamanga pamene panali mgolo, losungiramo za lole.

Kunali ngati mphaka wapatsidwa udindo woyang'anira makoswe. Akauntanti ataponya khoko la nthochi m'bini ya mapepala, analipeza litabwerera pa desiki lawo, lili pa sosala ngati keke. Wopita ku makina a fotokope ankapeza wapampando ataima pambali, manja kumbuyo: "Kuseri kwakeko mwasiyira ndani?" Maenvulopu akale ankawatembenuza n'kuwamatanso. Makapu onse anawalemba zizindikiro ndi utoto wa zikhadabo wa mayi apafoni, eni ake asanavomere. Anthu anang'ung'udza, kenaka anazolowera, kenaka anayamba kudzudzulana okhaokha. Utsi unatha. Makoswe anasamukira kwa oyandikana nawo. A matayala anayamba kupereka moni.

Ndipo thumba la Lachisanu linayamba kuonda.

A Musataye sanaone choopsa. Ankangoona kupambana. Lachisanu limenelo anatsika masitepe atavala jekete lawo, mabatani onse otseka ngakhale kunkatentha, n'kuwayendetsa mayi amafuta ngati mlendo wa boma. Anawaonetsa mabini, anawafotokozera mitundu yake, anagwedeza loko wa pa khola kuti amve kulimba kwake. M'kholamo munali mitolo ya mapepala yodikira lole, ndi timabotolo towerengeka.

"Izi n'za kampani tsopano. Zanu ndi izi, ndapatula pang'ono." Anawapatsa kathumba kopepuka ngati ka mankhwala. "Koma kunena zoona mayi, kuno zinyalala tathana nazo. Posachedwapa simudzavutikanso kukwera chitunda chija ndi bondo lanulo. Kudzakhala kulibe choti mudzatenge."

Ananena monyadira, akudziona ngati munthu woganizira bondo la mnzake. Mayi amafuta anayang'ana m'kapu mwawo kanthawi.

"Oo. Ndiye mwagwira ntchito, bambo."

"Tayesetsa, mayi."

"Mwayesetsadi."

Anaika kapu pa sitepe, tiyi ali pakati, n'kutsanzika mwaulemu wonse. Kathumba kaja sanakasenze, anangokagwira m'manja.

A Musataye pokwera masitepe anapeza mayi apafoni atatsekereza khomo.

"Mwawauza chiyani mayi aja? Atuluka pa geti ngati achokera kumaliro."

A Musataye anabwereza mawu awo onse, akuyembekeza kuyamikiridwa. Mayi apafoni anagwira m'chiuno.

"Achimwene, inu sukulu ya uchitsiru munakhoza ndi mapointi angati? Mkazi mwamuchotsa ntchito musanamulembe n'komwe!"

Lachisanu lotsatira tiyi anazizira m'makapu onse awiri. Linzake chimodzimodzi. Apa m'pamene zinawalowa. Munthu wina akanakwera njinga n'kupita ku depoti kukanena kuti, mayi, bwerani muzidzamwa tiyi, mabotolo kaya alipo kaya palibe. Koma a Musataye sanaitanepo munthu chimanjamanja chibadwire. Kwa iwo nkhani inali yachidule: mayi ankabwerera mabotolo, mabotolo atha, ndiye pafunika mabotolo.

Choncho wapampando wa komiti yochepetsa zinyalala anayamba kuzembetsa zinyalala kulowetsa mu ofesi. Popita kukasiya makalata ankatola mabotolo m'ngalande, m'mabini a maofesi ena, pansi pa mabenchi a kuchipatala. Ankawabisa m'chikwama cha makalata, pamwamba n'kuvundikira maenvulopu. Adokotala anawaletsa shuga kalekale, koma anayamba kugula zakumwa zotsekemera n'kumagawira anyamata a matayala, iwo ataima pomwepo kudikira botolo. Ankatsuka anthu akapita kukadya, n'kukabisa m'kachipinda kosungira mafayilo akale, pamwamba pa masitepe akumaso, kamene kiyi wake ankasunga iwo.

"Bwanji osatumiza uthenga?" anafunsa mayi apafoni, amene anali atanunkhiza kale zonse.

"Thumba lidzaze kaye. Munthu wa bondo sungamuitanire timabotolo ta m'manja."

Thumba litadzaza anaona kuti limodzi likuoneka ngati kupepesa kwa mwana. Akhale awiri. Awiri atadzaza anaganiza zobweza ndi a masabata onse amene mayiwo sanabwere. Nyengo yozizira inatha, kunayamba kutentha, kachipinda kaja kakudzaza mpaka kudenga.

Mbiri ya ofesi yaukhondo inafika kulikulu, ndipo kunabwera alendo kudzaphunzira. Abwana anawayendetsa paliponse, a Musataye ali patsogolo ndi jekete lochita kusita. Anaona mabini, anaona chigubu, anaona makapu a zizindikiro. Akutsanzika, mlendo wina wachidwi chambiri analoza kachipinda kaja.

"Umu ndiye mumasunga chiyani?"

"Mafayilo akale," anatero abwana. "Bambo, tatsegulani aone mmene tinasanjira."

A Musataye anayesa kusaka kiyi m'thumba lolakwika, koma kiyi anali pakhosi, aliyense akumuona. Chitseko chitangotseguka, thumba lapamwamba linapendekeka, linzake n'kulitsatira. Mabotolo anatsika masitepe ngati ana otuluka m'kalasi, kudutsa pakati pa miyendo ya alendo, mpaka ena kukafika pa msewu. Onse oyera, onse ndi zitsekerero zawo.

Alendo atapita, abwana anawaitanira mu ofesi mwawo. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Bambo, ndithandizeni kumvetsa." A Musataye anayang'ana nsapato zawo. Mayi apafoni, amene anabweretsa kalata yosafunika kuti apeze polowera, anamasulira nkhani ya zaka zonsezo m'mpweya umodzi.

Abwana anavula magalasi.

"Bambo, tinagwirizana zochepetsa zinyalala. Za kuchepetsa alendo sitinakambe. Tiyi mukanamawapatsabe, ndani akanakuletsani?"

"Akanabwera kudzatani, bwana?"

"Kudzamwa tiyiyo!" anayankha onse awiri pamodzi.

Abwana anawapatsa masana onse. Anyamata a matayala anathandiza kumangirira matumba pa njinga mpaka inaoneka ngati ngamila, ndipo anawaperekeza ndi malikhweru.

Ku depoti anapeza benchi ija pali mnyamata wogulitsa zikwama za mafoni. Mayi wa nthochi pambali pake ndiye anawathandiza.

"Mayi amafuta? Iii bambo, mwachedwa ndi zaka. Mafuta anasiya kalekale, bondo litakana kukhala padzuwa. Mukawapeza kunyumba, kuseri kwa sukulu ya mkaka, ngati sananyamuke."

A Musataye sankadziwa. Zaka zonsezo ankazungulira njira yaitali kupewa depoti, kuopa kuti angaoneke ngati akulondola munthu.

Pakhomopo panaima galimoto yapikapu, itasenza bedi, matiresi, mbaula ndi mpando wa ndalema. Mwamuna wina wamapewa, nkhope ngati ya mayi amafuta, ankakoka zingwe. Mayiwo anatuluka m'nyumba atanyamula wotchi yapakhoma, n'kuima.

"Abwana a zinyalala! Mwasochera?"

"Ndabweretsa katundu wanu, mayi. Anachuluka."

Mayi amafuta anayang'ana njinga, anayang'ana matumba, n'kuseka kuseka kwawo kuja, koma sikunafike patali. Anapatsira mwana wawo wotchi.

"Tabwerani muone."

Kuseri kwa nyumba, pansi pa malata akale, panali phiri. Mabotolo oyera m'matumba osamasula, mitolo ya mapepala itafufuma ndi chinyezi, zina zitayamba kudyedwa ndi chiswe.

"Poyamba ndinkagawira anzanga a ku depoti," anatero. "Kenaka nawonso anakhuta. Kutaya ndinkalephera, mmene munkatsukiramo."

"Ndiye munkabwereranji, mayi, ndi bondo limenelo?"

"Funsani bondolo, mwina likuyankhani."

Anafotokoza osawayang'ana. Mwana wawoyu wakhala akuwakakamiza kuti asamukire kwawo, kutali, ulendo wa tsiku lonse, akathandize kulera zidzukulu. Iwo ankakana, ankati ali ndi bizinesi ya Lachisanu yosasiyika. Tsiku lija atauzidwa kuti asadzavutikenso, anadikirabe pang'ono, mwina kubwera uthenga. Kenaka anamuimbira mwana kuti bizinesi yagwa. Nyumba eni ake apereka kale kwa ena, akulowa mawa.

A Musataye anavula chipewa. Mawu aja anakwera, ndipo ulendo uno anadutsa pakhosi.

"Mayi, ine kwa nthawi yaitali ndakhala ndikufuna kunena kuti..."

"Musanene pano, bambo." Anawagwira pamkono, koyamba chidziwirane. "Mwana akumva. Ndiponso galimoto yadzaza, palibe pokweza mawu ena."

"Amayi, dzuwa likupita!" anaitana mwana uja.

"Nanga izi?" anafunsa a Musataye, akuloza phiri lija, chifukwa panalibenso china choti aloze.

"Inu si ndinu apampando? Muuze lole yanu."

Mwana wawo, munthu waulemu, anawalembera nambala ya foni ya kunyumba kwake, n'kuwathokoza chifukwa chosamala amayi. Pikapu inanyamuka mwapang'onopang'ono chifukwa cha mabampu. A Musataye anatsala ataimika njinga, osadziwa kuti matumba atsitse kapena abwerere nawo.

Lole inapitadi. Anaiperekeza okha, n'kusanja okha, mapepala uku pulasitiki uku, ndipo dalaivala anati sanaonepo zinyalala zaulemu chonchi. Ofesi inalandira chikho kuchokera kulikulu, chimene chili pa kauntala ya mayi apafoni, ndipo iwo amasungiramo mapini. A Musataye akadali wapampando. Atsala pang'ono kupuma ntchito, ndipo abwana akuti sakudziwa adzampeza kuti wina wotere. Akauntanti akuti akudziwa, koma sanena.

Nambala ija a Musataye anakhala nayo miyezi osaimba. Ankati ayambe apeza chonena. Tsiku lina mayi apafoni anatopa, anaimba okha, n'kuwakanikiza foni kukhutu.

"Lankhulani, achimwene. Ndaima pano, ndipo ndili ndi sitepula m'manja."

Anayankha ndi mkazi wa mwana uja, ana akulira chakumbuyo. Anati apongozi ake atuluka, apita kokayeserera nyimbo, apeza kwaya ina kumeneko. Anafunsa ngati pali uthenga woti awasungire.

A Musataye anatsokomola, anayang'ana mayi apafoni, anayang'ana kudenga.

"Mungowauza kuti lole inabwera. Zonse zinatengedwa, pamalo paja ndi poyera."

"Basi?"

"Basi, mwanawe. Muwapatse moni."

Anabweza foni ndi manja awiri. Mayi apafoni anatsegula pakamwa kuti awalalatire, koma ataona nkhope yawo anatseka, n'kuyamba kusanja makalata amene anali osanja kale.